Chikwangwani cha Chigayo cha a Zikhalo

Lolemba, 3 Juni 2024
Masabata asanu chimwalirire amuna anga, a Ignasio. Chisanu chadzaoneni. M'mawa kunabwera a Zikhalo, a chigayo chatsopano ku Mayani. Chikwangwani chawo, chimene a Ignasio ankalemba, chidakali kuseri kwa nyumba, chosatha. Palembedwa CHIGAYO CHA basi, TISAMALANE palibe. Akutsegula pa 15. Akuti wotsiriza akapanda kupezeka akasindikiza cha pakompyuta ku boma. Ndati nditsiriza ndine. Pakamwa panangoyankha pokha. Bulashi sindinagwirepo.

Lachitatu, 5 Juni
Zaka makumi awiri akulemba pakhonde pompano, koma zilembo zawo ndaziona lero. Zazitali, zonenepa, zothinana ngati anthu m'minibasi. Zilibe timichira ngati za m'buku la Misa. O wawo si wozungulira, m'mbali ndi wowongoka. Bwanji? Mwina kuti dzina lalitali likwane pa thabwa lalifupi.
Uthenga wa alamu anga, a Alufeo: mabulashi ndi penti adzatenga mwezi ukatha. Akuti, "Munthu wamkazi azitani nazo?"

Lachisanu, 7 Juni
Ku Mayani ndi kachewere. Nditagulitsa ndinazungulira msika kuyang'ana ntchito za malemu: butchala, saluni, kwa telala. Kenako ndinaoloka msewu. Zilembo zoonda za anthu ena zinasowa, zawo zikuwerengekabe mpaka pokwerera basi. Anthu kundiyang'ana ngati ndataya chinthu.
A Dorika atelala anati, "Ankayamba ndi chingwe chopaka choko, mayi, penti inkabwera pambuyo."
Chingwecho ndachipeza m'thumba la zida. Mulinso kathabwa ka zala ziwiri m'lifupi. Ndakaika pa H, pa I, pa Y. Mwendo uliwonse ndendende. Chinsinsi chonse n'kathabwa?

Lamulungu, 9 Juni
Misa itatha, makala ndi makatoni. T, I, L, E zosavuta. M amadya malo. S wandikana kasanu ndi kamodzi, akungokhala ngati njoka yopondedwa ndi ngolo. Ndinatsala pang'ono kuitana kuti bambo a Pilira, tabwerani mundionetse. Ndinalira pang'ono, n'kuyambanso.

Lachinayi, 13 Juni
Penti yakuda. Pansi pa N inayenderera, ndapukuta ndi parafini. E womaliza wapanikizika, koma walowa. Ndinabwerera chambuyo mpaka m'munda wa kabichi. Chikuwerengeka.

Loweruka, 15 Juni
Chikwangwani achikhoma pa chigayo. Anthu akungolowa ndi matumba awo, palibe woyang'ana m'mwamba kawiri. A Zikhalo anaima pansi pake nthawi ndithu, n'kundifunsa, "Kodi malemu anasiyira pati?" Sindinawauze. Ine ndikupadziwa. Zanga zapendekera pang'ono kumanja.

Lachiwiri, 2 Julaye
A Alufeo anabwera masana pa njinga. Thumba la zida ndinali nditalimanga kale, lili pakhomo. Sanalikhudze. Anati anadzera ku Mayani, chigayo achiona. Kenako anamasula chimene anamangirira kumbuyo kwa njinga: mtanda wa thabwa, wopala bwino, wopanda dzina. Uja wa pa maliro mphepo inaugwetsa.
"Mulembe ndinu, alamu. Dzina lonse, osadula."
IGNASIO GEREVAZIO KAMPHINDA. Thabwa lopingasa silifika ndi mkono womwe. Ndayeza katatu, zikwana ndikazithina kwambiri, kathabwa kocheperako ndisema ndekha.
Ndalemba I ndi choko. Ndakhala pansi.