Mayina Anapita ndi Nshawa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ku Kitweko. Kuno ku Kapata tilipo, ndipo mwendo wa amayi wayambanso kuponda pansi.

Mukukumbukira makomiki anu aja a anthu ouluka, ovala zophimba kumaso? Denga litadontha ananyowa, ine ndinati ndingowatentha. Mwana wanga Tisa anakaniratu. Anawayanika pakhonde, nati akufuna kudziwa amene anawalemba ndi kuwajambula. Tsoka ilo, masamba oyamba okhala ndi mayina munalibe. Amayi anakulungiramo nshawa zogulitsa kalekale.

Mtsikanayu sanagwe ulesi. Anakhala pansi n'kumayang'anitsitsa manja ndi mapazi a anthu ojambulidwawo. "Amama, taonani," anatero. "Uyu amajambula zala zonenepa ngati chinangwa. Winayu mapazi amamuvuta, amangowabisa mu utsi. Wolemba mawu ndi winanso, anthu ake amalongolola ngakhale akugwa kuchokera kumwamba." Atafananiza ndi zithunzi za pafoni, anapeza mayina awo. Chonsecho ife tinkangoti ndi mzungu mmodzi wosagona tulo! Achimwene, maso amenewa sanatengere ine ayi.

Amayi atamva zimenezi anati: "Ndiye kuti ndinagulitsa mayina a eni ake pamodzi ndi nshawa? Iwe Tisa, zako umajambulazo, dzina uzilemba pakati penipeni pa tsamba lililonse."

Chonde, pobwera mumutengereko mapensulo abwino. Koma makomikiwo muiwale, apeza mwini wake.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Esitere