Limu ya Kumanzere

Lolemba, 2 Juni

Mkazi mnzanga wavulala. Ndikunena galimoto ya madala, amuna anga, yakuda ija, yaitali, ya mipando yachikopa, imene anagula atapuma pa ntchito. Dzinali ndinaipatsa ndine. Imasambitsidwa Loweruka lililonse, kupakidwa mafuta mpaka m'matayala, pomwe ine nsapato ndimapukuta ndekha.

Timachokera ku chipatala kukatenga mankhwala anga a mawondo. Pokhotera mumsewu wathu, khwee! Tayala lakutsogolo, la kumanzere, lakhula kakhoma kasimenti kam'mphepete mwa msewu. Madala chete. Ine chete. Wailesi yokha kumalongolola.

Titafika ndatsika kukaona. Limu, chitsulo chonyezimira chija chomwe tayala limavala, yapalika ngati poto wokwecha ndi mchenga. Iwo akuti kakhomako anakamanga mokhota. Kakhoma koti kakhala pamenepo ana athu asanabadwe!

Limu si nkhani. Nkhani ndi Inspekita, mwana wathu woyamba. Chaka chatha, bambo ake atagunda mphika wa maluwa wa aneba, ananeneratu kuti: "Ababa, ndikadzapezanso kachilema kena pa galimotoyi, makiyi ndikutenga." Sanena zoseka mtsikana ameneyu. Malimu onse anawajambula pafoni. Ndiye akubwera Lamulungu.

Madala opanda galimoto? Angafote ndikuona. Munthu woti amavala jekete pokagula buledi chifukwa choti akukwera mkazi mnzangayo. Iyayi. Tibisa basi.

Lachiwiri, 3 Juni

Tsiku la mapulani. Onse olephera.

Poyamba akuti tiikepo tayala la sipeya. Titsegule buti, tichotse kapeti. Mulibe! Muli kachikwama ka zida ndi ambulera yanga imene ndakhala ndikunamizira mlamu wanga kuti anatenga. Zaka zonsezi tikuyenda opanda sipeya. Madala akuti amadziwa, amangofuna kutsimikiza. Eya.

Kenako akuti tisinthanitse, lakutsogolo lipite kumbuyo, monga ankachitira ndi kagalimoto kathu kakale. Mmene zithandizire sindikudziwa, poti Inspekita amazungulira galimoto yonse. Koma bambowa akagwira sipanala safunsidwa mafunso.

Nati imodzi yakana. Ndi yapaderadera, yoletsa akuba, ili ndi kakiyi kake kachitsulo. Kakiyiko kulibe. Tasanthula nyumba yonse, iwo akunyoza ana, adzukulu, ngakhale wotchetcha kapinga. Atandijambulira m'mwamba ndi chala mmene kamaonekera, ndinakazindikira. Ndi kachitsulo kaja ndimatchingira windo la kukhitchini kuti lisamenyeke ndi mphepo. Ndakaika mwakachetechete pansi pa mpando n'kufuula kuti ndakapeza. Andiyamikira kwambiri.

Ndi kakiyi komwe, manati osasuntha. Iwo akoka mpaka msana. Ine ndakwera pa sipanala ndi thupi langa lonseli, kudumphadumpha, aneba akusuzumira pa mpanda. Palibe.

Ndili chigwadire pamenepo ndaona chotupa m'mbali mwa tayala, ngati dzira. Ichi ndiye sindikuchikonda. Mawa kwa wamatayala. Madala akuti apita okha, ine ndipume. Akakamira zedi, mpaka kundiphikira tiyi. Ndiye ndipita nawo.

Lachitatu, 4 Juni

Malo a matayala. Fungo la labala, makina akuti pfuu pfuu, matayala osanjikizana mpaka kudenga. Mwini wake, bambo wa chipewa chofiira chosavula, watilandira ndi mano onse. Ndamutcha Chipewa. Moni wake ndi uwu: "Abwana, mwabweranso? Yomwe ija?" Madala anayamba kutsokomola ngati ameza fupa. Ndasunga mumtima.

Ndaphunzira zambiri, mwina ndikatsegule shopu yanga. Chotupa sichimatika. Ulusi wam'kati waduka, tsiku lina lingaphulike tili pa liwiro. Komanso sasintha limodzi, akutsogolo onse awiri apite pamodzi kuti galimoto isamakokere mbali. Akumbuyo ndi otambalala kuposa akutsogolo, ndiye pulani ya dzulo ija ikanatheka tikanalira. Bwino manati anakana. Sipeya kulibe chifukwa matayala a galimotoyi amatha kuyenda pang'ono ngakhale ataphwa, mpaka ukafike pokonzetsa. Za anthu olemera.

Posankha ndiye panali sewero. Chipewa wagubuduza atatu. Lotsika mtengo, lapakati, ndi lina loti akuti siliimba pamsewu ndipo limagwira bwino mvula ikagwa. Madala kuwasisita, kuwanunkhiza, kuwagogoda ngati akusankha mavwende. Ine kumaloza lapakati ndi maso. Atenga losaimba, nanga n'kutani. Makatani anga a pabalaza amene ndimasungira ndalama, tsalani bwino, tidzaonana chaka chamawa.

Limu aipala ndi kuipenta. Titenga Lachisanu. Tabwerera pa basi, madala atakhala mowongoka, jekete ili pamiyendo, ngati awalakwira.

Lachisanu, 6 Juni

Mkazi mnzanga wachira. Limu ikuwala moti ungapesere tsitsi.

Koma lero sindikuseka kwenikweni.

Madala atalowa mu ofesi kukalipira, Chipewa anandikodola. Anagwada n'kundigwiritsa m'mphepete mwa limuyo. Mopyapyala. Mawu ake: "Amayi, iyi sindidzaipalanso, yatha mnofu. Chiyambire chaka yabwera kangapo." Ndimvekere kangapo? Akuti nthawi zonse ya kumanzere. Ulendo wina inali yakumbuyo, koma kumanzere komweko. Anandizungulitsa kukaona za kumanja. Zosalala ngati zachokera kufakitale dzulo. Anangovula chipewa chija, koyamba, n'kukanda mutu.

Ndiye maulendo aja a "ndikukaona mnzanga wodwala" ndi amenewa. Mnzawo wodwalayo ndi limu.

Ndimati ndikalipe pobwerera. Mawu ndinali nditawakonza kale, okoma bwino. Koma ndinangokhala n'kumawayang'ana akuyendetsa. Akafuna kundiyankhula amatembenuza mutu wonse, mpaka phewa. Ayamba kalekale zimenezi. Ine chitsiru ndinkati chikondi chabwerera ku ukalamba, mpaka ndinagula mafuta atsopano a kumaso.

Pa chakudya chamadzulo ndinaika mchere kumanzere kwa mbale yawo, pafupi penipeni. Anaufunafuna patebulo ponse. Kenako: "Mayi, mchere mwausiya kukhitchini?"

Ndinawapatsira.

Loweruka, 7 Juni

Vuto latsopano: limu yokonzedwayo ikuwala kuposa zinzake. Ngakhale mwana angaone. Madala apukuta zitatu zija mpaka thukuta, ine ndapaka yachinayiyo madzi otsukira mbale osakaniza ndi fumbi. Takumana pakati. Tinaseka mpaka kugwirana mapewa, anthu akuluakulu, agogo a anthu, kukonza bodza ngati ana a sukulu.

Za mchere sindinanene. Za Chipewa sindinanene. Ndinene bwanji munthu akuimba mluzu?

Lamulungu, 8 Juni

Inspekita wafika ndi foni m'manja, moni wapereka akuyenda. Kuzungulira galimoto. Kugwada. Kuyerekeza ndi zithunzi. Ine pakhonde manja ali m'chiuno.

Matayala atsopano anawaona nthawi yomweyo. Madala anali atakonzeka. Amufotokozera za timanambala tam'mbali tosonyeza chaka chimene tayala linapangidwa, kuti labala imakalamba ngakhale mapanga ake, mizere ija yogwira msewu, akadali akuya, kuti munthu wosamala sadikira ngozi. Zonse za Chipewa, koma kuzinena ngati anazilota okha. Mwana mpaka anawakumbatira. Akuti: "Ababa, mwandinyaditsa. Ndimaopa pachabe."

Potsuka mbale anandifunsa ngati bambo ake akuyendetsa bwino. Ndinati bwino kwambiri. Linatuluka lokha, losalala.

Atapita, madala anavina kukhitchini makiyi ali m'mwamba. Anandikoka kuti tivine. Ndinavina. Tapambana, eti?

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinapita wapansi kukagula mazira ndi malalanje. Pobwerera ndaona mkazi mnzanga akubwera kumbuyo kwanga, mwakachetechete, matayala osaimba aja. Ndinati ndapeza lifiti. Ndinaima m'mphepete, kumanzere, diresi yanga yofiira ija, kukweza dzanja, kumwetulira ngati mtsikana.

Sanachepetse liwiro. Galasi lam'mbali linamenya chikwama changa. Malalanje mumsewu, mazira phwaa. Mkono ukanali pang'ono chabe kutsogolo, sindikudziwa.

Sanaime. Sanandione n'komwe.

Ndafika kunyumba, ndawapeza akupukuta galasilo ndi kansalu, akudandaula kuti ana a masiku ano amaponya zinthu. Kenako akundifunsa kuti ndachedwa kuti.

Ndawaonetsa chikwama. Ndawauza zonse. Za mchere, za Chipewa, za diresi yofiira. Sindinakweze mawu, ine amene ndimamveka mpaka kwa aneba.

Anakhala pansi pa sitepe. Anangoti: "Munali inu?"

Loweruka, 14 Juni

Galimoto sinasambe lero. Koyamba chigulireni.

Lachitatu, 18 Juni

Kwa dokotala wa maso, pa takisi. Anawaika mutu m'kabokosi kuti azidina batani akaona kuwala. Kumanja, dinu dinu dinu. Kumanzere, chala chili phee. Ine ndili kumbuyo ndikuona timagetsi tikuthwanima, kumafuna kuwanong'oneza.

Mankhwala odontheza m'maso, m'mawa ndi madzulo, kuti vutoli lisapitirire. Zimene zapita sizibwerera. Za chiwongolero dokotala ananena mosazungulira: asayendetsenso.

Pobwerera madala anayang'ana matayala a takisiyo n'kuuza woyendetsa kuti lakumbuyo laphwa pang'ono, apope. Mawu okhawo tsiku lonse.

Inspekita sitinamuuze. Akuti amuuza okha, ndiwapatse nthawi. Ndamuimbira katatu n'kudula isanalire.

Loweruka, 21 Juni

M'mawa ndapeza makiyi pafupi ndi kapu yanga ya tiyi. Ndimayesa aiwala. Iwo ali kuseri kwa nyuzipepala, kumayankhula ngati akuwerenga nkhani: akuti matayala atsopano akangokhala malo amodzi amaphwatalala pansi, amafunika kuyenda. Akuti n'kuwononga ndalama. Akuti laisensi yanga ikadali ndi moyo, anaiona.

Zoona, ndinayendetsa kagalimoto kathu kakale zaka zambiri popita ku ntchito. Koma mkazi mnzangayu madala sanandilolepo ngakhale kumuimitsa pamthunzi.

Anayamba ndi kundiphunzitsa kuyeza mpweya. Matayala akhale ozizira, manambala ali pa kapepala kapachitseko, akumbuyo amadya wambiri kuposa akutsogolo. Kugwada ndi mawondo angawa! Kakiyi ka manati akuti kazikhala m'galimoto, osati pa windo la kukhitchini. Kani ankadziwa.

Kenako ndakhala pa chiwongolero. Mpando umayenda wokha ukadina. Iwo kumanzere, jekete atavala, lamba atamanga mpaka kukhosi. Galimoto yake ndi yaitali ngati bwato, mphuno yake sindikuiona kumene yathera. Malangizo ndiye osatha. Pang'onopang'ono, mayi. Dzenje ilo. Musagwire chiwongolero ngati mukupha nkhuku.

Pa maloboti ndinazindikira kuti akundiyang'ana osatembenuza mutu. Tsopano ndili ku diso labwino. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinachita manyazi. Ndiye akuti: "Koma mwakalambatu." Ndinati atsike ayende wapansi.

Tinazungulira mpaka kuseri kwa masitolo. Matayala osaimbadi, ndavomera, makatani anga sanafere chabe. Ndinayamba kuzolowera, chigongono pa windo, kumadzimva.

Pokhotera mumsewu wathu, khwee!

Kakhoma komwe kaja. Limu yomwe ija, yoti Chipewa anati sadzaipalanso. Ine chete. Iwo chete. Wailesi kumalongolola.

Kenako ndamva mpando ukugwedezeka. Akuseka! Kuseka mpaka misozi, kumenya bondo, akuti ndinakuuzani kuti kakhomaka anakamanga mokhota. Ine ndiye misozi yanga inali ina. Ndinati nanga Inspekita, ndi zithunzi zake zija, akubwera mawa.

Anapukuta m'maso, n'kundigwira dzanja lomwe linali pa giya.

"Mukamuuze kuti ndine. Ine alibenso choti andilande."