Dzina la Apongozi

Kiunga, Lachitatu m'mawa, mvula itangokata.

Wokondedwa mlongo wanga Aloisi,

Uli bwanji kumudziko? Chifuwa chija chinatha? Ine maso akuonako tsopano, koma mtima suli m'malo.

Sabata yatha kumsika mayi wina wa ku Ningerum anandiuza kuti a Ketop, a dambo loyandikana aja, agwetsa mitengo ya sago, ija timapangira ufa, kudambo la malemu amuna anga, ati dambolo lilibe mwini. Lilibe mwini! Ine ndinafa liti? Akuti akuluakulu adzayendera malire Loweruka la sabata yamawa, ndipo mwini malo ayenera kutchula yekha mitsinje ndi amene anadzala sagoyo, m'chiyankhulo chathu cha ku Ningerum. Akalephera, dambo lapita.

Mwini malo ndiye mdzukulu wanga Fabiyano, poti bambo wake, mwana wanga uja, kulibe. Ukumudziwa, mwana wokulira m'tauni, pakamwa pake chiyankhulo cha Tok Pisin chokhachokha. Ndamukhazika pansi masiku onsewa. Lilime lake ndi louma ngati chikuni, ndinamuuza kuti nkhumba ya kwathu imalira momveka kuposa iye. Anaseka, n'kunena kuti nkhumbayo inali ndi mphunzitsi wofatsa. Komabe mitsinje waigwira yonse.

Vuto ndi ili. Anandifunsa dzina la amene anadzala. Ndi apongozi anga aja, bambo wa amuna anga, ndipo mwambo wathu sulola kutchula dzina la apongozi. Chikwatiwire sindinalitchulepo, ndiyambe lero ndi imvi? Mwanayo anati ndingonong'ona, palibe angamve. Ndinakana. Anati ndilembe ndiye. Ndinamufunsa ngati dzanja ili ndi la munthu wina. Amayi ake sangatchule, iwenso sungatchule, tonsefe ubale wathu ndi banjalo ndi wa ukwati.

Watsala mlamu wanga Ambun, mwana wawo weniweni. Paja sitiyankhulana chichokereni maliro a mchimwene wake, amuna anga aja, ndipo kupepesa sindipepesa, anayamba ndi iye. Koma Fabiyano ndi magazi ake. Mwanayo akwera galimoto Lachisanu. Ambun amulandire, amuuze dzinalo, amubwerezetse mpaka likhale pa lilime. Asamuseke, kuseka ndamuseka kale ine.

Moni kwa akazi ako, ana ako ndi azakhali ku tsidya la malire.

Ukatha kuwerenga kalatayi usaiike pa denga monga umachitira. Pita nayo kwa Ambun lero lomwe, umuwerengere mokweza poti makutu anagontha. Akatukwana, musiye atukwane, akamaliza umufunse ngati akufuna a Ketop azidya sago ya bambo ake.

Ndine mlongo wako,
Monika