Adadi Ali Kuntchito

Azakhali 09:12
ndiye ndegeyo akukulipirira a boma? wasanduka bwana eti. ine olo njinga sanandikwezepo

Makutu 09:15
aunt si zoseka. ndi deportation. mawa mmawa

Azakhali 09:16
dipoti chani? lankhula za anthu iwe

Makutu 09:18
akundibweza kwathu. mapepala anatha. anandigwira ku car wash ndowa ili mmanja

Azakhali 09:20
kwanu ndi kwa ine tsopano poti amako ndi mchimwene wanga anagona kale. bwera. ndasamutsa nkhuku mchipinda chako, zikunditukwana kkk

Azakhali 09:22
kamwana kako ndakabwerekera kamatilesi kwa aneba. kanatengera makutu akowo? ndikuze chitseko?

Azakhali 09:50
iwe

Azakhali 10:14
wawerenga, timizere tabuluu ndikutiona

Makutu 10:31
mwana sabwera aunt. anabadwira kuno, mapepala ake ndi akuno. atsala ndi mayi ake

Azakhali 10:33
🎤 voice note 0:41

Makutu 10:36
musalire plz, alonda akumva

Azakhali 10:37
ndani akulira? ndi chimfine. koma ukamabweza mbuzi kwa mwini wake umabweza ndi kamwana kake komwe. ophunzirawo sadziwa zimenezi?

Makutu 10:41
ati ten yrs osapondanso kuno. mwana panopa ali ndi zaka 4

Azakhali 10:42
ndipatse nambala ya bwana wawoyo ndimufunsire ukwati. wachibale sangamuthamangitse

Makutu 12:20
ndinamusiya ku nursery ndikuti ndidzakutenga ndikaweruka. akana kuti nditsanzikane naye. fon akutilanda pompano. number yanu ndapatsa mayi ake. mwana akaimba mumuuze ndili kuntchito, kunama mumatha

Azakhali 12:23
kumeneko usakayike. malemu amuna anga analowa mmanda akuyesa mano awa ndi anga

Azakhali 12:24
wadya koma?

Azakhali 15:47
mwana uja waimba pa vidiyo. ndamuuza uli kuntchito. ndavina, ndagulula mano ndikumuonetsa. sanaseke

Azakhali 15:49
wabereka kachikwama ka kusukulu, wakhala pakhomo. mayi ake akuti amakana kuvula ngakhale pogona

Azakhali 15:50
akufunsa kuti adadi aweruka nthawi yanji. ndati dikira ndifunse

Azakhali 15:58
bodza limeneli landikanika mwanawe

Azakhali 16:30
waimbanso

Azakhali 16:31
ndimuuze nthawi yanji