Kuphunzira Kudzitama

Lolemba, 10 Malichi

Alamu anga a Dinnah andisenzetsa katundu woposa msinkhu wanga. Lachitatu ali pa shifiti kuchipatala, amuna anganso akakhala kuntchito yosamalira okalamba, ndiye woperekeza mwana wa alamuwo Twambilile ku Coventry ndine. Kuli kakoleji kumeneko, kochi wa basiketibolo akufuna kumuona. Akamukonda, azikaphunzira komweko uku akusewera mu timu yawo. Malo atsala amodzi, atsikana ndi ambiri.

Ine kuperekeza munthu ku koleji. Ine wa Sitandade 7, amene ndimakonda kukolopa maofesi ku Oldbury anthu ataweruka kuti ndisapatsane moni ndi aliyense.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndamulangiza mwana monga anandilangizira amayi kwathu ku Dowa. Munthu wamkulu samuyang'ana m'maso. Akakuyamikira uzikana. Wodzitama palibe amamufuna. Twambi anati, “Anti, kuno sizikhala choncho.” Ndinati ulemu ndi ulemu paliponse. Anavomera. Ndi mwana womvera, komanso kunoko sanakhalitse.

Ndikukagona ndikudziona wanzeru kwambiri.

Lachitatu, 12 Malichi

Basi, sitima, basi ina. Kochi dzina lake ndi Harvey. Atatipatsa dzanja ndinagwira chigongono n'kupinda maondo, iye anayesa mwendo ukundipweteka, anandikokera mpando. Nkhope yake sindinaione. Chimene ndingachitire umboni n'chakuti mu ofesi mwake muli kapeti yabuluu.

Anati waonera vidiyo ya Twambi ndipo amaponya bwino ali patali. Twambi, maso pansi, anati ayi, unali mwayi chabe. Anamufunsa chifukwa chake ayenera kutenga iyeyo osati ena. Twambi anati enawo amasewera bwino kuposa iye. Ine pambali kugwedeza mutu, kunyadira.

Potuluka kochi anati sangatenge munthu amene sadzikhulupirira yekha, komabe abwerenso Loweruka adzasewere ndi anzakewo amuone komaliza. Chingerezi changa n'chochepa, koma pamenepo ndinamva zonse.

M'sitima mwana anangoyang'ana pawindo mpaka ku Birmingham. Potsika anangoti, “Ndachita zimene munanena.”

Lachinayi, 13 Malichi

Alamu amva. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, “Alamu, mwamanga ndinu, mumasulenso ndinu.”

Lachisanu, 14 Malichi

Sukulu yodzitama yatsegulidwa m'khitchini. Mphunzitsi wake ine. Ndinavala chipewa cha amuna anga kuti ndikhale kochi, ndinamuuza andiyang'ane m'maso anene zimene amatha. Vuto n'lakuti akandiyang'ana, wothawitsa maso ndinali ineyo. Kochi wamanyazi. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Kenako anati ndiyambe ine, ndinene chinthu chimodzi chimene ndimachita bwino. Ndinaganiza. Ketulo inawira n'kuzima ndikuganizabe. Ndinati mwina kukolopa, ngakhale ena amakolopa bwino kuposa ine. Anandikwapula ndi kansalu kopukutira mbale.

Amuna anga atabwera anatipatsa nzeru ya kuntchito kwawo: ukalephera maso, uziyang'ana pakati pa nsidze, munthu sazindikira. Tayeserera pa iwowo. Akuti tonse awiri tikuoneka ngati tikufuna kuwalodza.

Loweruka, 15 Malichi

Holo yaphokoso, nsapato zili kwii kwii pansi. Makolo ena akuitana mayina a ana awo ngati pamsika. Ine kumapeto kwa benchi, chikwama cha Twambi pamiyendo.

Poyamba mwana ankangopatsira anzake mpira, ngakhale ali yekhayekha popanda womutchinga. Malangizo anga aja akusewera basiketibolo pamaso panga. Kochi maso ake anali pa mtsikana wina wa tsitsi lofiira, amene akaphonya ankapemphanso mpira osachita manyazi.

Popuma Twambi anabwera kudzamwa madzi. Ndinamugwira dzanja n'kumuyang'ana m'maso enieni, osati nsidze. Ndinati, “Ndinalakwa ine. Uziponya.”

Atabwerera anaponya ali patali, waphonya. Ndinayamba kale kuganiza zokawauza alamu. Koma anakwezanso dzanja kupempha mpira. Wachiwiriwo unalowa osakhudza chitsulo cha neti. Wina unalowanso.

Zitatha kochi anatiitana n'kufunsa funso lomwe lija. Twambi anatsegula pakamwa, mawu osatuluka, mutu ukuyamba kutsika. Ndiye ndinamva munthu akuyankhula Chingerezi chothyokathyoka. Akuti mwanayu amalawirira kupaki ku Dudley kukaponya mpira ngakhale kuzizire bwanji, akuti amatha kwambiri, akuti Lachitatu ananama chifukwa anachita kutumidwa. Munthuyo ndinali ine. Thukuta mpaka kumsana.

Kochi anaseka, anati wamva, koma akufuna amve kwa mwini wake. Twambi anadzutsa mutu. Anati pa kuponya patali saopa aliyense m'holo muja, ndipo chaka chamawa adzaposa pamenepa.

Kochi anati awaimbira alamu mawa. Sananene kuti inde, sananene kuti ayi.

Lamulungu, 16 Malichi

Ulaliki wonse sindinamve kanthu. Maso anali pa chikwama cha alamu, momwe munali foni.

Inalira titangotuluka, tili pakhomo pa tchalitchi. Amutenga. Alamu anakhala pansi pa masitepe ndi diresi lawo labwino lija, akulira. Twambi akudumpha, anthu kutizungulira.

Amayi ena a ku Zambia, oimba kwaya, anafunsa kuti anamuperekeza ndani mwanayu ku Coventry. Ndinadikira kuti wina ayankhe. Onse anangondiyang'ana. Ndinati ndine.

“Mwachita bwino, mwana wanga.”

Mawu oti ayi anafika kale pa lilime. Ndinawameza. Ndinati zikomo.