Foni inalira m'chitenje cha Pempho

Okondedwa achimwene a Gibson,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi alamu ndi ana onse ku Mponelako. Bondo lija likuti bwanji? Ife kuno ku Bradford tilipo, kungoti chisanu chayamba kale kutilowa m'mafupa.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni inu mumandidula mawu ndisanafike pakati. Kalatayi ndapatsira a Kenani, bambo a kutchalitchi kwathu amene anakhala nkhoswe m'malo mwanu pa chinkhoswe cha mtsikana wathu Pempho, atakukanizani viza.

Nkhani ndi iyi. Ukaputeni umene Pempho amayembekezera mwezi uno wapita kwa wina. Iye akuopa kukuuzani. Akuti amalume anagulitsa chigayo chawo kuti iye aphunzire kuulutsa ndege, ndiye awayamba bwanji. Choncho ndikuuzani ndine, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kupukusa mutu.

Ndikudziwa kuti Mponela yense munamuuza kuti mwana wa mlongo wanu amaulutsa anthu achuma pa ndege zahayala. Simunaname. Koma achimwene, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kandegeko n'kakang'ono, antchito ake ndi awiri basi, kaputeni ndi womuthandiza. Womuthandizayo ndiye Pempho. Zikwama za mabwana amanyamula ndi iye, chakudya amakagula ndi iye, akatsika amatola nyenyeswa m'mipando, ngakhale kuchimbudzi amayang'anako ndi iye. Bwana akati tinyamuka masana, iwo amadikira mpaka dzuwa kulowa. Malipiro ake sasiyana kwenikweni ndi a namwino wa ku Leeds. Amene amadya bwino ndi kaputeni.

Choipitsitsa ndi foni. Masiku ambiri amakhala pakhomo koma ali pantchito, chifukwa ikangolira ayenera kuthamangira ku bwalo la ndege. Amasamba nayo pafupi, kutchalitchi amakhala mpando wa kukhomo. Tsiku la chinkhoswe anali atapempha kalekale ndipo anamulola, koma chizolowezi n'chovuta. Foni anaipana m'chiuno.

Chinkhoswecho chinakoma, munaphonya. Holo inadzaza, Amalawi ndi a ku Zambia a kwawo kwa mkamwini wanu Mwelwa. Nkhuku zamoyo kuno n'zosatheka, ndiye tambala ndi thadzi tinasinthana zootcha kale, anthu n'kumagwa nazo ndi kuseka.

Itafika nthawi yoti Mwelwa azindikire mkazi wake, tinalowetsa atsikana atafunda zitenje kumutu mpaka kumapazi. Ine ndinali pambali pa Pempho, ngati wongoperekeza. Nyimbo anazimitsa, holo yonse ili zii, Mwelwa akuzungulira uku akukanda mutu. Pompo foni inalira m'chitenje.

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Mwanayu anayankha ali chifundire. Poti ndinali pafupi, mawu a bwana wake wa kukampani ndinkawamva. Ankati woyendetsa wina wadwala, ndipo pali munthu wamkulu akufuna kupita ku France kukaonera mpikisano wa akavalo, afike msangamsanga. Pempho anamukumbutsa kuti lero ndi tsiku lake. Bwanayo anati akudziwa, koma akumbukire kuti mpando wa kaputeni amaupereka kwa anthu odalirika.

Apa ndiulule, achimwene. Ine mayi ake ndinamunong'oneza kuti apite, alendowo ndiwapepesa ndine. Ndinaganiza za chigayo chanu. Komanso ine zaka zonsezi ndikusamala okalamba kuno, akandiitana shifiti, kaya ndatopa kaya ndikudwala, mawu oti ayi sanatulukepo pakamwa pangapa.

Pempho anatulutsa dzanja m'chitenjemo n'kundigwira pamkono mwamphamvu. Kenako anayankha modekha, m'Chingerezi chake cha kuno chija, holo yonse ikumva. Anati dzulo lake anatera mochedwa kuchokera ku Spain, wagona pang'ono chabe, maso ake ndi olemera, ndipo sanganyamule miyoyo ya anthu ali choncho, ngakhale amulonjeze mpando wanji. Anatinso abale a mwamuna wake ayenda ulendo wautali ndipo sawasiya ataima. Atatero anadula foni.

Ine ndinkangoyang'ana a Chabala, amalume ake a Mwelwa, munthu wosaseka wamba, ndikuti basi apa mwanayu wativula pagulu. Mwelwa ndiye anayamba. Anati iye wasiya kufufuza, mawu amenewo akuwadziwa, mkazi wake ndi ameneyo. A Chabala anadzuka pang'onopang'ono, n'kunena m'Chinyanja chawo kuti atsikana enawo akapume, iwo akufuna yemweyo wodziwa kukana, chifukwa ndi amene adzasunge mwana wawo ndi moyo. Nthungululu zake, achimwene! Ine ndinalira mpaka mpango kugwa.

Lolemba anamuitana ku ofesi. Kumuchotsa ntchito sakanatha, poti lamulo la kuno limaikira kumbuyo woyendetsa ndege amene wanena kuti watopa. Koma anamuuza kuti ukaputeni aona chaka chamawa, ndipo anaupereka kwa mnyamata amene analowa ntchito pambuyo pake, amene Pempho yemweyo anamuphunzitsa posungira makiyi.

Zinamuwawa, ndisakunamizeni. Anafika kunyumba osadya. Koma m'mawa mwake ndinamupeza akusita malaya ake oyera aja, n'kuvala, n'kupita kukanyamula zikwama za mabwana mutu uli m'mwamba. Wayamba kufunsira kumakampani ena, ina ya ku Newcastle yamuyankha kale. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ine ndimamunyadira mwanayu, achimwene, kuposa tsiku limene anayamba kuuluka. Munamulipirira sukulu kuti azitera ndi anthu amoyo, ndipo n'zimene akuchita. Chigayo chanu sichinapite pachabe.

Pempho langa ndi limodzi. Mawu a bwana wake sakuwaopa, akuopa anu. Dzina lanu likaoneka pa foni amangoiyang'ana mpaka isiye kulira, ndiye chifukwa chake simukumupeza. Lamulungu likudzalo mukalandira kalatayi, muyimbe pa nambala yanga tikaweruka kutchalitchi, ndidzamupatsira ndine. Musamupepese, sakufuna chisoni. Mungomutchula ndi dzina la kwathu lija, Nabanda, n'kumuuza kuti mwamva zonse ndipo anachita bwino. Akalira mumusiye alire.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Kondie ndi mkazi wake, ndi onse a mpingo. Mafuta opaka bondo ali m'chikwama cha a Kenani, musagawire mudzi wonse. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane pa ukwati, viza ikalola.

Ndine mlongo wanu,
Mwandida