Mkaka wa Guddi

Lachiwiri, 14 Meyi
Mkaka ukutulukabe. Thupi langa silinamve kuti khanda langa Guddi tinamuika m'manda sabata yatha, patsinde pa mtengo wa khejri. Mlamu wanga Dhapu wandimanga chifuwa ndi nsalu kuti uume. Chakudya sichikulowa.

Lachitatu, 15 Meyi
Bambo a Guddi abwera atanyamula kamwana ka mbawala, mayi wake aphedwa ndi agalu kumsewu. Angokaika pakhonde pomwe ndimapetera mapira, osandiyang'ana, n'kupita kukamwetsa ngamira. Ngati sindikudziwa chimene akufuna. Ife a chipembedzo cha Abishinoi sitisiya mwana wa nyama afe ndi njala, amayi anga anandiyamwitsa ine bere ili, mbawala bere linalo. Koma ine ayi, uwu ndi wa mwana wanga.

Lachinayi, 16 Meyi
Kakukana mkaka wa mbuzi. Dhapu wayesa botolo, chala, thonje, zonse zakanika.

M'mawa apongozi aamuna, akuthira mafuta pamoto wa mapemphero, anaimba nyimbo ija yoti ludzu la mtengo, la nyama ndi la munthu ndi limodzi, ndipo Mwini moyo amamwera pakamwa pa zonsezo. Ndakula ndikuiimba, koma lero yandipsetsa mtima. Ine amene sindinawayankhulepo chikwatiwire ndinangomva mawu akutuluka kuseri kwa nsalu yanga yakumaso: "Nanga Guddi analibe ludzu?"

Nyimbo inaduka. Ndinadikira kukalipiridwa.

"Mwana wanga, ine ndimangoimba," anatero. "Yankho ndilibe."

Ndinawamvera chisoni.

Lachisanu, 17 Meyi
Kambawala sikakuimirira. Ndamva Dhapu akuuza achimwene ake kuti akonzeretu khasu lokakwirira, ndipo ine asandivutitse.

Loweruka, 18 Meyi
Masana onse atagona chifukwa cha kutentha, ndinapita kukakachotsa padzuwa, basi. Kupepuka kwake! Kanayamba kufufuza ndi mphuno pansalu ija pamene panali ponyowa. Ndinakakalipira kuti kalibe ulemu, kwinaku manja akumasula mfundo.

Kamaluma, kamagunda ndi mutu, mchira uli pikupiku. Ndinalira mpaka msana wake unanyowa, koma sindinakachotse.

Dhapu anatipeza choncho. Anaima pakhomo, n'kubwerera. Patapita kanthawi anabwera ndi phala la mafuta a mkaka, lija amapatsa oyamwitsa.

"Idya, mlamu. Kameneka nkadyera, kakumaliza."

Ndadya mbale yonse, ndapempha lina.